Tikonze pabwalo mvula isanakhazikike: kapinga, vetiva ndi zigwembe za pakhomo

Okutobala uja wafika ndi dzuwa lake. Mchenga ukutentha moti mwana sangadutse pabwalo popanda nsapato, mbuzi zamaliza chilichonse chobiriwira, ndipo maganizo a aliyense ali kumunda: mizere, mbewu, feteleza. Za pabwalo pa nyumba palibe amene akuzikamba. Komatu masabata amene ali pakati pa chizimalupsa ndi mvula yeniyeni yodzalira ndi okhawo m'chaka chonse amene munthu angakonze pakhomo popanda kulimbana ndi matope. Akapita amenewa, ntchito imene ikanatenga m'mawa umodzi imadzafuna amuna anayi ndi matumba a mchenga.

Musanapitirize kuwerenga, tulukani kaye mukayang'ane m'munsi mwa khoma la nyumba yanu. Ambiri a ife tipeza njerwa ziwiri kapena zitatu za maziko, zimene mmisiri anazikwirira pomanga, zili pamtunda. Yang'ananinso mango a pakhomo: mizu imene kale inali pansi lero ana akukhalapo ngati benchi. Agogo amene ankakwera pakhonde mosavuta tsopano akufuna mwala wopondapo. Nyumbayo sinakwere ayi, dothi ndi limene lachoka. Lina lapita ndi tsache, pang'onopang'ono m'mawa uliwonse, koma lambiri lapita ndi madzi.

Tiwerengere limodzi kuti tione kukula kwa nkhaniyi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi imapereka lita imodzi ya madzi. Tsono nyumba ya malata ya mamita 8 mulitali ndi mamita 6 mulifupi, ikagwa mvula ya mamilimita 30, denga lake limakhuthula malita 1,440. Amenewo ndi ndowa 72 za malita 20, zonse kukhuthukira pa kamzere kamodzi m'munsi mwa denga, mwina m'ola limodzi lokha. Denga la udzu limagwetsa madzi mofatsa, koma malata sachedwetsa dontho ngakhale limodzi. M'midzi mwathu malata achuluka, ndipo ndi chitukuko ndithu, koma mabwalo athu tikuwasamalabe ngati mmene ankachitira makolo pa nthawi ya madenga a udzu.

Ndipo kuno kwathu ku Monkey Bay, ku Msaka, ku Chembe, ku Malembo, ku Nkope, kumbuyo kuli mapiri a miyala, kutsogolo kuli nyanja. Madzi alibe kwina kopita. Dothi limene lachoka pakhomo panu limalowa m'kanjira, kanjira kamalipereka kukhwawa, khwawa n'kukalitula m'madzi osaya a m'mphepete mwa nyanja. Asodzi mukudziwa bwino zimene zimachitika m'madzi osayawo. Chambo chachimuna chimakonza chisa chake pamchenga, chozungulira ngati beseni; chachikazi chimasunga mazira m'kamwa, n'kudzalavula tiana take m'malo a bango ndi udzu wa m'madzi. Ndi chifukwa chake nyanja imatsekedwa kwa makoka m'miyezi ya Novembala ndi Disembala. Tsono nthawi yomweyo imene ife tapachika makoka kuti nsomba ziswane, matope ofiira a mvula yoyamba ndi pamene akutsikira pa zisazo. Mbuna nazo zimadya ndere za pamiyala, ndipo matope akakuta miyala chakudya chimachepa. Paja nsomba zimenezi ndi zimene zinachititsa kuti Lake Malawi National Park ikhazikitsidwe mu 1980, ndi kuti bungwe la UNESCO liiike pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984.

Tisanamizane, matope ambiri a m'nyanja sachokera pabwalo. Amachokera m'minda yolimidwa motsata kutsetsereka, m'mapiri odulidwa mitengo, ndi m'mitsinje imene magombe ake analimidwa mpaka m'madzi. Koma pabwalo ndi pamalo pokhapo pamene simufunika msonkhano, komiti kapena chilolezo cha wina kuti muyambe ntchito. Ndipo woyamba kupindula ndi khoma lanu. Amene anaona mvula ya namondwe Freddy m'Malichi 2023, kapena kukwera kwa nyanja mu 2024 pamene madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo kuno ku Mangochi, akudziwa kuti nyumba ya njerwa zomangira dothi imayamba kugonja m'munsi.

Nanga njoka?

Funso limeneli limabwera nthawi zonse tikatchula udzu pakhomo, ndipo si funso lopusa. Makolo ankasesa bwalo mpaka kuyera mbee pa zifukwa zomveka: njoka ikadutsa usiku m'mawa mumaona mkukuluzi wake, moto wolusa sufika padenga, ndipo mlendo akafika amadziwa kuti pano pali mayi wa ukhondo. Ife sitikunena kuti tsache litayidwe. Sitikunenanso kuti titengere kapinga wobiriwira chaka chonse amene timamuona m'malo ogona alendo a ku Nkopola kapena ku Cape Maclear. Uyo amamwa madzi a mpope tsiku lililonse ndipo ali ndi munthu wolembedwa ntchito yomusamala. Mayi amene amasenza ndowa kuchokera kumjigo sangathirire bwalo lonse, ndipo palibe chifukwa choti atero.

Chimene tikunena n'chakuti bwalo tiligawe malinga ndi ntchito yake. Pamene timakhala, pamene timayanika chimanga ndi makaka, pamene pali thandala la usipa, pakhale posesa monga kale. Koma pamene madzi amagwera, ndi m'mene amadutsa, pakhale povala. Njoka imakonda udzu wautali, milu ya njerwa, nkhuni ndi zinyalala zimene mumabisala makoswe. Pa kapinga wamfupi, wosapitirira chala, imaonekera ngati mmene imaonekera pamchenga. Udzudzu nawo suswana m'kapinga; umaswana m'madzi odikha, ndipo zithaphwi zimachuluka pa bwalo lokumbika, osati pa bwalo lomwa madzi.

Kapinga wakale: wafa kapena wagona?

Amene muli kale ndi kapinga, panopa akuoneka wofiirira ngati wapsa. Musafulumire kumupalira. Kapinga wathu wamba, woyanga uja, amagona m'chilimwe ndipo amadzuka ndi mvula yoyamba. Gwirani kachitsa kamodzi mukoke. Kakalimba, ndipo mukathyola kamtsitsi koyanga n'kupeza m'kati muli moyera ndi monyowa, ali moyo. Kakazuka mosavuta ngati tsitsi la pachipeso, pamenepo pafa, kawirikawiri chifukwa cha chiswe kapena kupondedwa, ndipo pafunika kudzalanso.

Chonde musamutenthe. Ena amati moto umadzutsa msipu, ndipo n'zoona kuti pakapsa pamaphuka msanga, koma moto umadya zinyalala zimene zikanaola n'kudyetsa mchenga wathu wosaukawu, n'kusiya nthaka yamaliseche pa nthawi imene mvula yoyamba ikubwera ndi mphamvu. Osanenanso za mphepo ya masiku ano ndi madenga a udzu a anzathu oyandikana nawo. M'malo mwake palani udzu wakufa ndi reki kapena tsache lolimba la mitengo, mukauthire m'dzenje la manyowa.

Kenako yang'anani malo amene nthaka yauma gwa ngati simenti, makamaka pamene ana amasewera mpira kapena pamene timakankhira njinga. Pamenepo madzi salowa, amangotsetsereka. Tengani foloko ya kudimba, kapena chitsulo chosongoka, mubaye mabowo akuya ngati chala chachitali, motalikirana ngati chikhatho. Mukatero sakanizani manyowa a mbuzi kapena a ng'ombe oola bwino ndi dothi, muwaze mopyapyala, osapitirira sentimita imodzi, ndipo musesere m'mabowo muja. Nsonga za kapinga zizionekabe. Mukamukwirira yense mwamupha. Tikuti manyowa oola bwino chifukwa aawisi amatentha mizu komanso amabwera ndi njere za udzu wina uliwonse umene mbuzi inadya.

Feteleza wa m'thumba ayi. Pa mtengo umene wafikapo, malo ake ndi kumunda wa chimanga. Komanso pamchenga sakhalitsa, mvula imamutsuka n'kupita naye kunyanja. Madzi otsukira nsomba ndi abwino kwa kapinga mukawasungunula ndi madzi ena ndi kuwathira kutali ndi khomo chifukwa cha ntchentche. Koma madzi amene mwafutsira usipa, ngati munathiramo mchere, musawayandikize. Mchere umapha udzu ndipo pamalopo pamakhala dazi mpaka mvula itautsuka.

Kudzala pamene palibe

Malo oyamba ndi m'munsi mwa denga. Pamzere pamene madontho amagwera ikanipo miyala ing'onoing'ono kapena zibenthu za njerwa, m'lifupi ngati mapazi awiri, kuti madzi asamakumbe. Dothi la pakati pa khoma ndi miyalayo mulikweze ndi kulitsendera kuti madzi azithawa khoma, ndipo pamenepo pakhale popanda udzu kuti muziona njira za chiswe zikayamba kukwera. Kapinga ayambire kunja kwa miyala. Amene mungakwanitse kuika ngalande ya lata ndi mgolo, mwapha mbalame ziwiri, koma kumbukirani masamu aja: mgolo wa malita 200 udzadza mvula isanafike pakati, choncho madzi osefukira nawo akonzeredwe njira.

Kukonza malo n'kosavuta. Gaulani kuya kwa khasu limodzi, chotsani miyala, mapepala a pulasitiki ndi timizu ta dawe, thirani manyowa ndowa imodzi pa malo a masitepe awiri mulitali ndi awiri mulifupi, n'kusalaza. Kapinga sitidzala njere, timadzala timitsitsi take toyanga. Pemphani kwa mnzanu amene ali naye, kapena zulani m'mbali mwa dimba pamene akusowetsa mtendere eni ake, adzakuthokozani. Dulani tizidutswa totalika ngati chikhatho, tokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Lembani timizere topingasa kutsetsereka kwa malo, motalikirana masentimita 15 mpaka 20, goneka tizidutswato, kwirirani n'kusiya nsonga panja, kenako pondani ndi phazi kuti tigwirane ndi dothi. Kupondako anthu ambiri amakuiwala, ndipo ndi chifukwa chake kapinga wawo amauma.

Za nthawi yodzala, samalani ndi chizimalupsa. Imagwa tsiku limodzi, fungo la dothi n'kutisangalatsa, kenako dzuwa la masabata awiri kapena atatu. Ife tinapsa nazo chaka china: tinadzala bwalo lonse tsiku lotsatira mvula yoyamba, ndipo pofika Lachisanu lachiwiri tinali titatsala ndi timitengo touma. Konzani malo panopa, koma dzalani pamene mwakumba ndi dzanja n'kupeza chinyezi chafika kuya kwa chikhatho chonse ndipo kumwamba kukuonetsa kuti ibweranso.

Amene ali ndi madzi otayika tsiku lililonse angathe kuyamba lero. Kuseri kwa bafa, pa thandala la mbale, pamjigo pamene madzi amatayikira: onsewa ndi malo a nazale. Koma malo abwino kuposa onse ndi pamzikiti. Madzi a wudhu amatayika kasanu pa tsiku, alibe sopo, alibe mafuta, ndipo m'mizikiti yambiri amangopanga chithaphwi kuseri kwa khoma. Kangalande kakang'ono kopita nawo pa bedi la kapinga ndi vetiva kangathetse chithaphwicho, ndipo pofika Disembala mudzi wonse ungapeze mbewu pamenepo osagula.

Zinthu ziwiri zimene kapinga sachita tizinene poyera. Choyamba, sakula pamthunzi. Pansi pa mango kapena nimu musataye nthawi. Siyanipo masamba ogwa, kapena zunguzani tsinde ndi miyala n'kuthiramo dothi kuti mizu ikwiririkenso. Chachiwiri, sadziwa malire. Akalowa m'bedi la mpiru kapena la tomato mudzalimbana naye zaka. Pakati pa iye ndi ndiwo zamasamba pakhale kanjira kopalira kapena mzere wa njerwa zozika, ndipo kamodzi pa mwezi muzidula timanja take ndi khasu.

Vetiva, mpanda wa madzi

Kapinga amateteza nthaka ku madontho ndi ku madzi oyenda pang'onopang'ono. Madzi othamanga ochokera kuphiri kapena kwa mnansi wa kumtunda amafuna china cholimba, ndipo pamenepa mpamene pamabwera vetiva, amene ena amamutcha thedzi. Ambiri timamudziwa kuchokera kwa alangizi a zaulimi, amene akhala akulimbikitsa kumudzala pa mizere ya akalozera m'minda. Mtundu umene umagawidwawu unachokera ku India. Mizu yake siyanga m'mbali, imalowa pansi molunjika mamita awiri kapena atatu, choncho salanda malo ngati kapinga, ndipo safalikira ndi njere. Akakula amagwirana n'kukhala ngati sefa: madzi amadutsa pang'onopang'ono, dothi limatsala kumtunda kwake. Pakapita zaka zingapo mudzaona kuti kuseri kwa mzere wa vetiva kwakwera ngati sitepe. Limenelo ndi dothi limene likanakhala m'nyanja.

Kadzalidwe kake ndi aka. Zulani phata lalikulu, ligaweni m'tizigawo ta mapesi awiri kapena atatu, dulani masamba kutsale masentimita 15 mpaka 20, mizu itsale masentimita 10. Dzalani pa mzere umodzi wopingasa kutsetsereka, motalikirana masentimita 10 mpaka 15, kutanthauza kuti pakati pa phando ndi linzake pangokwana chibakera. Apa mpamene ambiri timalakwitsa. Mbewu ikachepa timayamba kutalikitsa kuti ikwane mpanda wonse, ndiye mapeto ake timakhala ndi zitsa zokongola zotalikirana, madzi n'kumadutsa pakati pake mothamanga kuposa kale. Kuli bwino mzere waufupi wothithikana pa malo ovuta kwambiri, chaka chamawa mudzagawe zitsa zomwezo n'kupitiriza. Mzerewo ukhale wolingana, mbali ina isatsike. Mlangizi wa m'dera lanu angakuonetseni kayezedwe kake ndi chipangizo cha mitengo itatu chooneka ngati chilembo cha A. Ndipo ngati phando lina lauma, bwezeretsani sabata yomweyo.

Vetiva nayenso sakonda mthunzi, ndipo miyezi iwiri yoyamba amafuna kumupalira. Akakhazikika sasamala chilala, moto, ngakhale kumizidwa ndi madzi kwa kanthawi. Muzimudula kufika m'bondo kuti aphukire m'mbali ndi kuti pasakhale pobisala zokwawa. Masamba odulawo amafolera khola kapena bafa, amaphimbiranso mabedi a kudimba.

Kwa amene nyumba zanu zayang'anizana ndi nyanja penipeni, bango limene latsala kutsogolo kwanu ndi vetiva amene simunavutike kudzala. Njira yokokera bwato ikhalepo, koma kumweta lonse kuti gombe lioneke loyera ndi kuitana mafunde a mwera kuti adzadye malo anu.

Chigwembe chikayamba

Kangalande kamene chaka chatha kanali kongodumpha, chaka chino kangameze mbuzi. Chigwembe chimakula chobwerera m'mbuyo: madzi amagwera pamutu pake, amakumba m'munsi, dothi la pamwamba n'kugumuka, mutuwo n'kusendera kufupi ndi nyumba kapena chimbudzi. Ndiye ntchito imayambira kumtunda, osati kumunsi. Pezani kumene madziwo akuchokera, muwachedwetse ndi mzere wa vetiva kapena muwagawe kuti asalowe onse pamodzi. Kenako gumulani mutu wa chigwembe kuti ukhale wotsetsereka osati phompho, n'kuyalapo miyala.

M'kati mwake mangani timadamu tating'ono ta miyala, kapena ta zikhomo ndi nthambi zolukana, kapena ta matumba a mchenga. Tisapitirire bondo. Tilowe m'makoma a chigwembe mbali zonse ziwiri kuti madzi asatizungulire, pakati pakhale potsika kusiyana ndi m'mbali kuti madzi adutse pomwepo, ndipo kumunsi kwake, pamene madzi agwere, yalanipo miyala. Timadamu tambiri tating'ono timagwira ntchito kuposa chimodzi chachikulu, chimene chikagumuka chimapita ndi zonse. Dothi likadzaza kuseri kwa kadamu, dzalanipo vetiva kapena nsenjere pomwepo, chifukwa matumba amaola ndi dzuwa ndipo zikhomo chiswe chimadya. Chokhalitsa ndi mizu. Kutaya zinyalala ndi mapulasitiki m'chigwembe, kumene ambiri timachita poganiza kuti tikuchitseka, sikutseka kanthu. Mvula yoyamba imazinyamula zonse n'kukazisiya pa doko pamene timatsukira mbale.

Mawu amodzi okhudza anansi: madzi amene mwawapatutsa pakhomo panu amapita pakhomo pa wina. Milandu yotere mafumu amaidziwa bwino m'Januwale. Musanakumbe ngalande, itanani wa kumtunda ndi wa kumunsi muyende limodzi m'njira ya madziwo. Ndipo inu a m'midzi yoyandikana ndi paki, miyala ndi zikhomo musakatenge m'kati mwa paki musanafunse oyang'anira.

Zatsala ndi mbuzi ndi nkhuku. Mpaka eni ziweto atayamba kumangirira, chilichonse chobiriwira pakhomo ndi chakudya cha mbuzi za mudzi wonse. Yalani nthambi za minga pamwamba pa malo odzalidwa, kapena zunguzani ndi ukonde wakutha umene sungabwererenso m'madzi. Neti ya udzudzu imene ikadali yabwino isiyeni pamphasa pa ana. Masabata atatu kapena anayi akwana kuti kapinga agwire.

Akagwira, muzimutchetcha pafupipafupi ndi chikwakwa chakuthwa, koma osameta mpala. Chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake pa nthawi imodzi. Mukamusiya kufika m'bondo kenako n'kumudula mpaka pansi, amatsala mapesi oyera ndipo dawe ndi khovani zimalowerera. Zomera zachilendo zulani ndi manja nthaka ikadali yonyowa, zisanachite maluwa, makamaka kaudzu ka minga kaja kamene kamabaya ana kumapazi. Bonongwe ndi chisoso zikamera, aaa, zimenezo ndi ndiwo, amayi adziwa chochita. Mukaona timbozi tambirimbiri tikudya kapinga m'masabata oyamba a mvula, kayang'aneni chimanga tsiku lomwelo ndipo dziwitsani mlangizi, chifukwa ntchemberezandonda zimakonda kuyambira pa udzu wanthete.

Mvula yaikulu yoyamba ikadzagwa, in sha Allah, musadzangokhala m'nyumba kudikira kuti ikate. Fundani thumba kapena tengani ambulera, muzungulire nyumba madzi akuyenda. Onani pamene akusonkhana, pamene akuthamanga, pamene asanduka ofiira, pamene azungulira kadamu kanu. Zikani kamtengo paliponse pamene mwaona vuto, chifukwa kukacha mchenga umakhala utauma ndipo simudzakumbukira bwino. M'mawa mwake tengani khasu ndi mbewu yotsala ku nazale muyambire pa timitengo timeneto.